Mowa M'nsapato Yanga

Kunyumba ya a Gu, kumene ndinakwatiwa, kulikonse kumene ungaponye maso unkaona kakombo. M'bwalo la pakati munali mitsuko ikuluikulu yodzaza matope ndi madzi, ndipo nyengo yotentha ikafika maluwa ankatulukamo, ofiirira ngati masaya a khanda. Pakhoma la chipinda cha alendo panali kakombo wojambula. Pa mbale, pa mapilo, pa zitseko za kabati, kakombo yekhayekha. Amuna anga, a Gu Wenlan, anali mlakatuli, ndipo ndakatulo zawo zambiri zinali za duwa lomweli. Mwana wathu wamkazi atabadwa anamutcha Furong, lomwe ndi dzina lina la kakombo yemweyo.

"Taona, Suqin," ankatero ataima pafupi ndi mtsuko, manja ali kumbuyo. "Wamera m'matope onunkha, koma tandipezera banga pathupi pake. Phesi lake n'lowongoka, mkati mwake mulibe chobisika. Munthu weniweni azikhala chonchi."

Ine ndinkangoti, "Zoona, bambo a Furong," nditatsamira chipilala, chifukwa kuima nthawi yaitali sindinkatha. Nanenso ndinali ndi akakombo anga awiri. Ndi mmene amatchulira mapazi a mkazi akathyoledwa bwino: akakombo agolide.

Anga anawathyola amayi anga ondibala. Anawaviika m'madzi ofunda, n'kupindira zala zinayi pansi pa phazi, n'kumanga ndi nsalu yaitali, kukoka mpaka chidendene chinayandikana ndi zala. Kenaka anandiimika n'kunena kuti, "Yenda." Ndinayenda tsiku ndi tsiku mpaka mafupa anathyoka okha. Amayi ankalira, koma kukoka sanasiye. Chaka chotsatira anamanga mng'ono wanga Suyun. Iye chikhadabo chinalowa m'mnofu, phazi linatupa n'kuda, kudako kunakwera mwendo, ndipo anamwalira mpunga usanakololedwe. Obwera kudzapepesa maliro ankapukusa mitu n'kumati, "Analibe mwayi mwanayu, akanakhala ndi timapazi tokongola."

Ine ndinapulumuka, ndipo anga anatuluka aang'ono kuposa a mtsikana aliyense mumsewu wathu ku Suzhou. Mayi wofunsira mabanja sanayang'ane nkhope yanga kawiri. Anatenga nsapato yanga imodzi n'kupita nayo kwa a Gu, apongozi anga n'kuiika pachikhatho, n'kuvomera. Imene inafunsiridwa ndi nsapatoyo. Ine ndinangoitsatira.

Furong atakwanitsa zaka zisanu anali mwana wosakhazikika. Ankathamangitsa abakha, kulumpha makwerero awiriawiri, kukwera pa mitsuko ya bambo ake kuti aone tinsomba tam'menemo. Tsiku lina ndinapeza apongozi atakhala pakhonde akusoka kansapato kofiira, kakang'ono kuposa phazi la mwanayo.

"Kameneko n'ka ndani, amayi?"

"Ukufunsa ngati mlendo," anatero osadzutsa mutu. "Kutentha kukangotha timumanga. Tachedwa kale. Taona mmene akupondera, ngati mwana wa wopalasa bwato."

"Amayi, mng'ono wanga anafa nazo zimenezi."

"Anafa chifukwa amako sankadziwa kuwenga zikhadabo. Ine ndamanga ana anga onse aakazi, palibe anafa, ndipo onse ali pa mabanja olemekezeka. Ukufuna mdzukulu wanga adzakwatiwe ndi wotapa zam'chimbudzi?"

Ndinagwira khoma n'kuyenda mpaka kuchipinda cholembera cha amuna anga. Ndinawapeza akuwerenga nyuzipepala yochokera ku Shanghai. Ndinawauza zonse. Anaika nyuzipepalayo pansi n'kumwetulira.

"Mtima m'malo, Suqin. Nthawi zasintha. Anthu ophunzira akulemba muno kuti mwambo umenewu ukutichititsa manyazi pamaso pa mitundu ina. Mwana wanga sadzamangidwa. Amayi ndilankhula nawo ndekha, koma pang'onopang'ono, mtima wawo ukuudziwa."

"Mukulonjeza?"

"Unandimvapo ndikunama?"

Ndinatuluka mtima uli pansi. Apongozi anapitiriza kusoka, ine n'kumangoti asoke, adzaveka mphaka.

M'mwezi wachisanu ndi chimodzi muli tsiku limene timati kakombo anabadwa. Tsiku limenelo mzinda wonse umatuluka pachipata kupita kudambo lalikulu, mabwato kuthithikana, oimba kuimba, ogulitsa kukuwa. Gulu la alakatuli la amuna anga linali ndi bwato lalikulu la denga. Mwini phwando anali a Pang, nkhalamba yolemera imene kale inali woweruza milandu, ya ndevu zowerengeka ndi zikhadabo zazitali. Alakatuli onse a mumzindamo ankawagwadira, chifukwa ndakatulo imene a Pang aiyamikira inkawerengedwa m'nyumba zonse zomwera tiyi. Ife akazi tinali ndi kabwato kathu kotchinga ndi nsungwi zoluka: ine, apongozi ndi Furong. Wopalasa anali mayi Lu, mzimayi wa mapewa aakulu, woyenda wopanda nsapato.

M'mawa mwake ndinatsegula bokosi kuti ndivale nsapato zanga za paukwati, zofiira, zimene ndinapeta ndekha akakombo awiri pa phesi limodzi. Ndinapezamo imodzi yokha. Ndinakhuthula bokosi lonse, ndinafunsa antchito, palibe ankadziwa. Amuna anga anali atatsogola kale. Ndinavala zina zobiriwira.

Kudambo kunali kotentha koopsa. Masamba a kakombo anali ataliatali kuposa bwato, ndipo mayi Lu ankawakankha ndi nkhafi kuti tidutse. Furong anathyola tsamba limodzi n'kulivala ngati chipewa. Ndinkamusendera njere zanthete za kakombo, kuchotsamo kamtima kobiriwira kowawa kaja, iye n'kumatafuna akuponya miyendo m'madzi apongozi akayang'ana kumbali.

Tinaima pafupi ndi bwato la amuna, moti mawu awo ankamveka bwinobwino. Poyamba ankaimba ndakatulo. Kenaka kunabuka chiseko chachikulu, chija cha anthu oledzera, ndi kuwomba m'manja. Ndinasuzumira pa mpata wa nsungwi.

Pa tebulo panali beseni. M'beseni munali nsapato yanga yofiira.

Amuna aja anali atakhala mozungulira, aliyense akuponya njere ya kakombo kuti ilowe m'nsapatomo. Wophonya ankamwa. Ankaika kachikho ka mowa m'kati mwa nsapato, n'kunyamula nsapatoyo ndi manja awiri, n'kupita nayo kukamwa. Masewera amenewa ndinali nditawamvapo. Amachita ndi nsapato za atsikana oimba, aja olipidwa kuti asangalatse amuna. Nsapato ya mkazi wapabanja ngakhale apongozi ake aamuna saigwira.

Inafika kwa a Pang. Anamwa, n'kuchotsa kachikho, n'kulowetsa mphuno m'nsapato yanga, maso atatsinzina.

"Wenlan, mwana wanga, iwe ndiwe wodala," anatero. "Aka n'kamphukira ka kakombo kasanamasule. Ndayenda m'zigawo zambiri, koma kotere sindinakaone. Ngati make ali chonchi, mwanayo adzakhala bwanji?"

Amuna anga anawerama. "Kutentha kukangotha tiyamba, bambo. Amayi asoka kale nsapato. Adzaposa make."

"Ndiye nkhani yatha! Mdzukulu wanga wapeza mkazi. Bweretsani mapepala. Aliyense alembe za kakombo wamkulu ndi kamphukira kake. Wotsalira amwa katatu."

Ndinatembenuka kuyang'ana apongozi. Ankadzikupiza mphepo, maso ali kutali.

"Munadziwa, amayi?"

"Khala pansi, mtengwa. Banja la a Pang si lamasewera. Nsapato ndi nsalu chabe, ibwera madzulo."

Ndinayang'ana Furong, tsamba lake kumutu, miyendo ili nyowe.

"Mayi Lu," ndinatero, "gundizani bwatoli ku lalikululo."

"Iwe Lu, ukangoyerekeza!" anakalipa apongozi.

Mayi Lu anandiyang'ana, anayang'ana apongozi, kenaka analavulira m'madzi. "Pepani, agogo, madziwa akukoka okha," anatero, n'kukankha nkhafi kamodzi. Mabwato anagundana, gu!

Kudumpha sindikanatha, ndiye ndinakwawa. Ndinatuluka m'nsungwi muja ndi maondo, n'kugwira m'mphepete mwa bwato lalikulu, n'kudzikokera mkati ngati thumba la mpunga. Mtsikana wina amene ankawaimbira zeze analeka. Amuna anga anadzambatuka, inki n'kuwatayikira pa mkanjo.

"Suqin! Wapenga? Bwerera msanga!"

Ndinaimirira, n'kuwerama mwaulemu monga anandiphunzitsira kwathu.

"Pepani, azibambo olemekezeka, ndalowerera. Ndine mwini nsapatoyo. Ndamva kuti mukulemba za kakombo wanga, koma mwangoona khoko lake lokha. Mlakatuli angalembe bwanji chinthu chimene sanachione? Ndabwera nalo duwa lenilenilo."

Ndinakhala pa mpando wa amuna anga, n'kukweza phazi lamanja pa tebulo, pakati pa mbale ya nsomba ndi mwala woperera inki. Ndinavula nsapato yobiriwira. Ndinadula ulusi wosokera nsalu ndi chikhadabo, n'kuyamba kumasula.

"Ndakupemphani, mayi a Furong," amuna anga ananong'ona. Aka kanali koyamba kunditchula mwaulemu chotero. "Tikakambirane kunyumba."

"Tinakambirana kale kunyumba."

Nsalu ndi yaitali. Ndinamasula pang'onopang'ono, kuiunjika pa mapepala awo. Zaka zonse za ukwati wathu amuna anga anali asanaonepo mapazi anga osavala. Palibe mwamuna amaona. Timasamba titatseka chitseko, timagona titavala. Nsalu yomaliza itachoka, m'kutentha kuja, fungo linayamba lisanaoneke phazi. Kenaka analiona. Zala zinayi zophwanyika zitamatirira pansi ngati nyongolotsi zakufa. Mng'alu wakuya pakati pa chidendene ndi zala, wonyowa, khungu lake loyera ndi losupuka. Pamwamba chifupa chotumphuka ngati nsana wa kamba.

A Pang anaphimba mphuno ndi mkono wa mkanjo. Mlakatuli wina wachinyamata anathamangira kumapeto kwa bwato n'kusanzira pa masamba.

"Nunkhizani, bambo Pang!" ndinakuwa. "Si mumanunkhiza nsapato ija mutatsinzina? Nali duwa lake, layandikira, mukuthawiranji? Mumati kakombo amatuluka m'matope wopanda banga. Uyu sanatuluke m'matope ayi. Anatuluka m'mafinya ndi m'magazi. Mng'ono wanga anawola ali moyo kuti amuna onga inu apeze pomwera mowa. Anali wamng'ono kuposa mdzukulu wanuyo. Lembani zimenezo! Maburashi olembera ali m'manja, mukudikira chiyani? Wotsalira amwa katatu!"

Ndinatembenukira kwa amuna anga.

"Nanga inu, a phesi lowongoka, inu opanda chobisika mkati, munandiuza chiyani m'chipinda chanu cholembera? Nenani pano anzanu amve. Munati mwana wanu sadzatani? Mwalowa m'bokosi mwanga ngati khoswe, mwatenga nsapato ya mkazi wanu kudzanyambitsa nkhalamba, mwagulitsa mapazi a mwana wanu kuti akuyamikireni ndakatulo. Ndakatulo zake zitizo? Zija mumabwereza mawu amodzimodzi chaka ndi chaka?"

Wina kumbuyo anaseka mwangozi n'kudzitseka pakamwa. Nkhope ya amuna anga inayera ngati pepala.

"Wenlan," anatero a Pang, mawu akutulukira m'nsalu, "chotsa chinthu ichi pamaso panga."

"Chinthu chiti, bambo? Phazili kapena ine? Paja kwa inu n'chimodzi."

Ndinatola nsapato yanga yofiira, n'kukhuthula njere zinali m'menemo, n'kuiponya kutali pakati pa masamba. Apo n'kuti mabwato ena atatizungulira. Opalasa ankaimba mluzu, akazi ogulitsa mizu ya kakombo ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Wina anakuwa kuti, "Linalo, mayi! Aonetseni linalo!"

Sindinawaonetse linalo, chifukwa nditacheuka ndinaona Furong. Anali atatulutsa mutu pa nsungwi zija, maso ali pa phazi langa. Nayenso anali asanalionepo. Tsamba lija linagwa kumutu kwake, ndipo anayamba kulira kulira kwa mantha, kuja kopanda mawu. Apo mphamvu zinandithera. Phazi lomasula silipondeka, choncho mayi Lu analowa m'bwato la amuna osapempha, n'kundibereka kumsana ngati mwana, nsalu zanga atazikwapatira m'khwapa.

Kunyumba apongozi anandimenya mbama mpaka dzanja lawo linatopa, kenaka anandigwaditsa pamaso pa matabwa a mayina a makolo a banja la Gu kufikira maondo anachita dzanzi. Amuna anga sanandimenye. Anaima pakhomo n'kunena kuti, "Wandipha ndili moyo."

"Mukuyenda bwinobwino," ndinawayankha. "Wakufa sayenda chonchi."

A Pang anatumiza wantchito kudzanena kuti za ukwati zija zinali nthabwala za pamowa. Gulu la alakatuli linaleka kuwaitana amuna anga. Ana a mumsewu anapeka nyimbo, n'kumaimba pachipata pathu: "A Gu, a Gu, tsekani mphuno, kakombo wanu wavunda!" Kundithamangitsa amuna anga sakanatha, chifukwa ndinali nditalira nawo maliro a bambo awo zaka zonse za mwambo, ndipo mkazi wotero sabwezedwa kwawo. Anangondisamutsira ku kachipinda ka kuseri, koyandikana ndi khitchini. Chaka chisanathe anabweretsa mkazi wachiwiri, kamtsikana kamanyazi ka timapazi tating'ono. Sindinadane nako. Kankalira pobisika pamene kakusintha nsalu zake, ndipo ndinkakapatsa mankhwala anga a zilonda.

Ndinkaganiza kuti apongozi agonja. Ayi ndithu. Kutentha kutatha anaitana mayi wina womanga mapazi, n'kumutengera Furong kuchipinda chawo masana ine ndikuchapa, n'kukhoma chitseko. Ndinamva kukuwa. Ndinalowa m'khitchini, n'kutola chimpeni chodulira nkhumba, n'kuyenda kugwira makoma, kugwa, kudzuka. Chitseko chinali cha timatabwa topyapyala tomata pepala. Ndinachitema mpaka dzanja linalowa n'kufika pa mpiringidzo.

Mayi womanga uja ataona mpeni anathawira pakona. "Ine angondiitana, mayi! Angondiitana!"

"Tulukani. Mukadzabweranso ndidzayamba ndi zala zanu."

Anali atamanga kale phazi lamanzere. Ndinadula nsaluyo, n'kukaiponya m'moto pamodzi ndi tinsapato tofiira tija.

"Ukuwononga mwana!" apongozi anakuwa akumenya pansi ndi ndodo. "Mfiti iwe! Adzakutukwana akadzakula!"

"Adzanditukwana ataimirira."

Sanalekere pomwepo. Anayesanso ine nditadwala malungo, anayesanso pa chikondwerero cha chaka chatsopano pamene nyumba inali piringupiringu. Nthawi zonse ndinkadula. Ndinayamba kuyenda ndi sizasi m'lamba, ndipo mwanayo sankachoka pamaso panga. Amuna anga ankamva phokoso lonseli ali m'chipinda chawo cholembera, osatuluka ngakhale kamodzi. Pa nthawi imeneyo analemba ndakatulo ya kakombo wothyoledwa ndi mphepo yamkuntho, ndipo ndinamva kuti ena anaiyamikira kuti ndi yokhudza mtima. Wothyoledwayo ankanena iwo eni.

Potsiriza apongozi anatopa. "Musiyeni," anatero. "Ndani angafunsire mwana wa wamisala, kaya amange kaya asamange?" Kachala kakang'ono ka kumanzere kwa Furong kanakhalabe kopindika, koma ena onse anakula bwino.

Musaganize kuti mwanayo anandithokoza. Asuweni ake ankamutcha Mapazi-a-bakha. Pa maukwati a abale ankamukhazika kumbuyo kuti alendo asaone. Tsiku lina, ali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi, anabwera akulira atanyamula nsalu imene anang'amba yekha.

"Amayi, ndimangeni. Aliyense akundiseka. Ndinu munachititsa!"

Ndinamulanda nsaluyo n'kumumenya kamodzi pa mwendo. Sindinamumenyepo nthawi ina iliyonse moyo wake wonse. Anakhala nthawi yaitali osandilankhula. Ineyo ndinayesa kumasula anga kuti aone kuti tili awiri, koma mafupa othyoka sabwerera. Popanda nsalu ululu unali woposa, ndipo ndinamanganso ndi manja angawa, ndikutukwana.

Kenaka mfumu yaikulu ya dziko lathu inachotsedwa pampando. Amuna anameta michira yawo ya tsitsi loluka imene mfumuyo inkawakakamiza kusunga, akuluakulu atsopano analengeza kuti kumanga mapazi kuthe, ndipo mumzinda munatsegulidwa sukulu ya atsikana. Furong anali mmodzi mwa ochepa amene akanatha kuyenda wapansi kukafika. Anthu omwe aja ankatseka mphuno akamadutsa pachipata pathu anayamba kunena kuti banja la a Gu linaona patali.

Ndipo amuna anga anavomera. Analowa m'bungwe lolimbana ndi kumanga mapazi, n'kukhala mlembi wake. Tsiku lina kusukulu kunali msonkhano waukulu, ndipo anawaitana kukalankhula. Ine sanandiuze. Ndinamva madzulo Furong atalowa m'kachipinda kanga, n'kuponya mabuku pansi, nkhope ili gwaa.

"Amayi, mukudziwa zimene anena bambo? Akuti m'nyumba mwawo, lamulo lisanabwere n'komwe, iwo anaima nji kukaniza kuti mwana wawo asamangidwe. Akuti anazunzika nazo, anzawo anawasala. Awerenga ndakatulo yakuti kakombo asiyidwe akule mmene anamerera. Anthu anaimirira kuwomba m'manja! Kenaka anandiloza kuti ndiimirire anthu andione."

"Unaimirira?"

"Ndinaimirira. Ndinati, 'Amene anatema chitseko ndi mpeni ndi amayi anga, bambo anali m'chipinda akulemba.' Aphunzitsi aakulu anandikoka mkono kuti ndikhale pansi, ndiye ndinatuluka."

"Anthu anati chiyani?"

"Anaseka pang'ono. Kenaka bambo anati ana a masiku ano ali ndi moto, ndipo ndi umboni wa ufulu umene iwo anandipatsa. Anawawomberanso m'manja."

Ndinaseka mpaka chifuwa chinandipweteka, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe. Furong anakhala pansi pafupi nane, n'kuika mutu pa maondo anga. Nkhani ya nsalu ija sitinaikambenso.

Atamaliza sukulu anapita ku Shanghai kukaphunzira uzamba. Apongozi anamwalira akunenabe kuti ndinawononga mdzukulu wawo. Furong atayamba ntchito n'kupeza chipinda chakechake, anabwera kudzanditenga. Katundu wanga yense anakwana m'bokosi limodzi. Tikutuluka, amuna anga anatiperekeza mpaka pachipata, imvi zili mbuu, atavala jekete lachizungu.

"Suqin," anatero motsitsa mawu kuti onyamula katundu asamve, "takalamba tonse. Kodi mpaka liti usanandikhululukire?"

"Munapepesa liti?"

Anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana onyamula katundu aja, n'kutsekanso.

"Tiyeni, amayi, sitima itisiya," anatero Furong, n'kundikweza pa ngolo.

Ku Shanghai tinkakhala m'nyumba yosanja, pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Makwerero ake anali oimirira, moti ndinkatsika mwa apo ndi apo, Furong atandigwira m'chiuno. Anakwatiwa mochedwa ndi mphunzitsi wina wa masamu, munthu wachete amene sadziwa ndakatulo ngakhale imodzi, ndipo ndinalera ana awo. Amuna anga anamwalira ku Suzhou m'nyengo yozizira. Nyuzipepala inalemba kuti anali bwenzi la akazi ndi munthu wa mtima woyera. Furong anapita kumaliro chifukwa anali bambo ake. Ine ndinati makwerero ndi ovuta, n'kutsala ndi adzukulu.